Nsapato za Anthu Awiri

1. Timu ya Asopo

Timu imene Kamphepo ankasewera anthu ankaitchula kuti Asopo. Dzinali linachokera ku fakitale ya sopo imene kale inkagula yunifolomu, kulipira basi ndi kupereka kangachepe kwa osewera mwezi ukatha. Fakitale itasintha eni ake, atsopanowo anati mpira sutulutsa thovu, ndipo anafumbata dzanja. Chinatsala ndi dzina lokha. Asopo anayamba kuchapa yunifolomu ndi madzi okhaokha, moti ochemerera matimu ena ankagwira mphuno anyamatawa akamalowa m'bwalo.

Ankasewera mu ligi yachiwiri, kumene kulibe kanema ndipo makampani salimbirana kulemba mayina awo pachifuwa cha osewera. Mpanda wa bwalo unali wa malata obookabooka. Anthu ambiri ankaonera mpira ali mu mtengo kapena padenga la chimbudzi cha sukulu yoyandikana nayo, ndipo kuchemerera kwawo kunkaposa kwa amene analipira. Kochepa kopezeka pachipata kankathera kwa woyimbira mpira ndi apolisi masewero asanayambe n'komwe.

Mtolo wonsewu unali pamutu pa a Kochi. Iwo ndi amene anali mphunzitsi, wapampando komanso wopemphetsa. Anagulitsa galimoto yawo kuti timu izitha kupita kumasewero akutali, kenako anagulitsa firiji. Akazi awo anali atasiya kufunsa kuti lero mwawina kapena mwaluza. Ankangoyang'ana m'nyumba kuti chasowa n'chiyani.

Koma umphawi wa timu umaonekera bwino kumapazi. Nsapato zampira sizinkakwanira onse, choncho osewera awiri a phazi lofanana ankagawana peyala imodzi. Wina akamatuluka ankavulira pamzere pomwepo, mnzake n'kuvala zikadali zotentha. A Kochi sankasintha osewera ngati makochi ena, amene amaona mbali imene yafooka. Iwo ankayang'ana mapazi.

Kamphepo anali wophunzira wa chaka chomaliza ku sekondale, woonda ngati bango, ndipo akathamanga ndi mpira kumbali ya kumanja palibe ankamugwira. Nsapato zake zofiira ankagawana ndi Njanji, wotchinga kumbuyo, bambo wa ana awiri amene m'mawa ankasenza matumba kumsika. Awiriwa anali asanakhalepo m'bwalo nthawi imodzi.

"Nsapatozi zili pa mitala, mphwanga," ankatero Njanji. "Lero zigona kwa iwe, mawa kwa ine. Chachikulu tisachitirane nsanje."

2. Uthenga wa a Kochi

Pokonzekera, anyamata sankavala nsapato zampira poopa kuzitha. Lachitatu madzulo Kamphepo anali m'tinsapato tansalu takutha pamene anathamangira mpira kumbali yake ija. Kumeneko kunali kadzenje kotsala pamene lole inatitimira nthawi ya mvula. Aliyense ankakadziwa, koma tsikulo maso a mnyamatayu anali pa mpira. Phazi lakumanja linalowa, linapindika pa kakolo, ndipo ululu unakwera mpaka m'chiuno.

Anadzuka msangamsanga n'kumanamizira kuzula minga.

Atamaliza, a Kochi anawakhazika pansi pafupi ndi golo. Nkhope yawo inali ya munthu amene wanyamula nkhani ziwiri, yoipa ndi yabwino.

"Anyamata, sindikubisirani," anayamba motero. "M'thumba mwanga mwauma. Masewero atsalawa ambiri ndi akutali, ndipo mwini lole wati sangatinyamulenso chifukwa cha ulemu wokha. Tikalephera kupita, a ligi atichotsa. Bwalo lino mwini wake akufuna kale kulisandutsa malo oimikapo malole. Koma Mulungu sanatitaye. Loweruka kukubwera munthu wochokera ku timu ya mu ligi yaikulu, ndipo akudzaona Kamphepo. Akamukonda n'kumugula, ndalamazo zitifikitsa kumapeto kwa chaka."

Anyamata anaomba m'manja, ena kuimba likhweru. Goloboyi anamumenya Kamphepo pamsana n'kunena kuti, "Tikugulitsa ngati mbuzi, mwana iwe, koma usadandaule, tizikukumbuka tikamadya."

Onse anaseka. Kamphepo nayenso anaseka, ataimira mwendo umodzi.

"Ndinakuona utagwa paja," anatero a Kochi anthu akubalalika. "Uli bwino?"

"Ndili bwino, a Kochi."

"Chabwino."

Munthu uja amene ntchito yake yonse inali kuyang'ana mapazi, tsiku limenelo sanayang'ane pansi.

3. Mawu a Dokotala

Kuseri kwa golo kunali kachipinda ka malata kosungiramo katundu wa timu. Munali mipira yophwa, maukonde ong'ambika, ndi makatoni akale a sopo amene tsopano ankasungiramo masokosi. Mwini kachipindako anali mkulu wina wotsimphina amene anyamata ankamutchula kuti a Dokotala. Sanapiteko ku sukulu ya udokotala ayi. Chipatala chawo chonse chinali ndowa ya madzi, chinkhupule, bandeji imodzi yochapachapa ndi sizasi.

Lachisanu Kamphepo analowa mmenemo mozemba kukapempha bandejiyo.

"Khala pakatonipo, vula," anatero a Dokotala.

Phazi linali litatupa, kakolo osaonekanso, khungu lili phuliphuli. Mkuluyo anadina pang'ono ndi chala. Kamphepo analuma mlomo koma misozi inamuulula.

A Dokotala anakhala pansi movutikira n'kukwinya buluku lawo mpaka pabondo. Mwendo wawo unali wokhota ngati mpini wa khasu.

"Mwana iwe, tayang'ana apa. Ukuganiza kuti ndinabadwa chonchi? Ine ndinkasewera pamalo ako omwewo, nthawi imene fakitale inkatigulira nsapato aliyense zakezake. Anthu ankaimba dzina langa kuyambira pachipata mpaka kumsika. Tsiku lina ndinalowa m'bwalo mwendo ukupweteka chifukwa anati popanda ine timu igonja. Timu inawina ndithu, koma mwendo wanga unathyoka. Anandinyamula pamapewa kupita nane kuchipatala, anabwera kudzandiona sabata yoyamba, yachiwiri anabwera ochepa, yachitatu ndinatsala ndi mayi anga. Amene ankaimba aja anapeza dzina lina loimba. Sindikuwada ayi, ndi mmene mpira ulili.

"Tsono tamvera. Timu ikafa, anthu adzalira mwezi umodzi, kenako adzayambitsa ina pabwalo la sukulu. Koma mwendo sagulitsa kumsika. Uli nayo iwiri yokha, ndipo iyenera kukunyamula mpaka udzafike msinkhu wangawu. Phazi ili likufuna kupuma, osati bandeji. Timu ino ilibe inshuwalansi, ilibe ngakhale mankhwala opha ululu. Ukathyoka mawa, a Kochi adzalira nawe ndi mtima wonse, koma misozi yawo sidzalipira chipatala. Iwe ndiwe mwana wasukulu. Amene anapha timu ino si iwe, ndipo si ntchito yako kuiukitsa."

Kamphepo anayang'ana makatoni.

"Nanga anzanga aja, agogo? A Njanji amati tsiku la mpira ndi lokhalo limene anthu amawaitana ndi ulemu. Ndikawauze kuti zonse zatha chifukwa phazi langa latupa?"

A Dokotala anapukusa mutu.

"Bandeji sindikupatsa," anatero pomaliza. "Dzanja langa lisakhalepo."

Koma atatembenuka kukatola ndowa, Kamphepo anaisolola pa msomali n'kuibisa m'malaya.

4. Lonjezo kwa amayi

Kwawo ankakhala awiri, iye ndi amayi ake, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Amayiwo ankagwira ntchito yokolopa ku chipatala chachikulu. Loweruka m'mawa anamupeza pakhonde akuyesa kuponda pansi mobisa.

Sanakalipe. Anatenthetsa madzi, anathira mchere m'beseni, n'kugwada kumuthowa phazi.

"Mwana wanga, ine kuntchito ndimakolopa kuwodi ya amuna othyoka mafupa. Ndimawaona anyamata ngati iwe atagona chagada, mwendo uli m'chikhakha, maso ali kudenga. Usiku woyamba amafunsa kuti timu yawina bwanji. Pakapita masiku amafunsa ngati adzayendenso. Sindinakuletsepo mpira chiyambire. Ndinkachapa masokosi ako ngakhale sopo atavuta, chifukwa ndinkaona kuti ukamasewera nkhope yako imawala ngati ya malemu bambo ako. Koma mayeso ako ali pafupi. Ndagwada pansi zaka zonsezi ndi chikolopa kuti iwe udzaime chilili. A Kochi ndi munthu wabwino, ndikudziwa, koma munthu amene akumira amagwira chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale mwana wa mnzake. Lero usapite kubwalo. Ngati anthu a timu yaikuluwo akukufunadi, adzabweranso."

"Sabweranso, amayi. Anthu amenewa sabwera kawiri ku ligi yathu."

"Ndiye asabwere. Ndilonjeze."

Kamphepo anayang'ana madzi a m'beseni.

"Ndalonjeza. Ndikawerenga kwa mnzanga."

Amayiwo anamupukuta phazi ndi nsalu yawo, anavala yunifolomu yobiriwira n'kunyamuka, pakuti tsikulo ankagwira ntchito masana. Atangokhota pa ngodya ya owotcherera zitsulo, mnyamata anatulutsa bandeji pansi pa matiresi.

5. Nsapato zofiira

Bwalo linali litadzaza kuposa masiku onse, ngakhale kuti odzazawo ambiri anali a mu mtengo ndi padenga. Mbiri inali itawanda yoti lero kukubwera wogula. Munthuyo anafikadi, bambo wa chipewa choyera, ndipo a Kochi anamupatsa mpando wapulasitiki umene anabwereka ku tchalitchi.

"Akuti aonera chigawo choyamba chokha, ali ndi ulendo," a Kochi ananong'oneza Kamphepo. "Uwaonetse zonse, mwana wanga."

Kuseri kwa kachipinda ka malata, Njanji anabwera ndi nsapato zofiira zija atazipukuta bwino. Ataona phazi lokulungidwa ndi bandeji, anaima.

"Mphwanga, ichi n'chiyani?"

"Ndithandizeni kuvala, achimwene."

"Phazi ili sililowa umu."

"Lilowa. Kokani."

Njanji anayang'ana kubwalo, kumene anzawo ankadumphadumpha, kenako anayang'ananso phazi lija. Akanatha kukana. Koma nayenso anali munthu wofuna kuti timu ikhale ndi moyo, choncho anamasula zingwe zonse, anagwira nsapato ndi manja ake osenza matumba aja, n'kukoka. Kamphepo analuma kolala ya yunifolomu. Phazi linalowa.

A Dokotala anadutsa ndi ndowa yawo. Anaona bandeji ikusuzumira pamwamba pa sokosi, koma anangopitirira.

Wenzulo italira, ululu unakhala ngati waiwala ntchito yake. Kamphepo analandira mpira, anadutsa munthu woyamba, wachiwiri anamusiya atakhala pansi, ndipo a mu mtengo anakuwa mpaka nthambi kugwedezeka. Anaponya mpira pakati, mnzake anaumenya ndi mutu, unagunda chitsulo n'kubwerera. Bambo wa chipewa anaweramira kutsogolo. A Kochi anaona zimenezo ndipo anayamba kupemphera chamumtima.

Koma ochemerera saona zimene wotchinga kumbuyo amaona. Wa timu inayo, munthu wamkulu wodziwa mpira, anali atazindikira kuti mnyamatayu akakhota amasamala phazi lakumanja. Sanachite zankhanza ayi. Anangomutsekera njira ya kumanzere kuti akhotere mbali yowawayo.

Mpira wotsatira unabwera wautali. Kamphepo anauthamangira, anaponda ndi phazi lakumanja kuti akhote, ndipo thupi lonse linatsamira pamenepo. Amene anali pafupi ndi mzere anamva kuti thyo, ngati nkhuni youma.

Palibe anamugunda. Anagwa yekha.

6. Sizasi

A Dokotala anathamanga motsimphina, madzi akutayikira m'ndowa. Anyamata anamunyamula Kamphepo pamanja n'kumugoneka kunja kwa mzere, pakuti machira timu inalibe.

Woyimbira anayang'ana wotchi yake. "Mulowetsa wina kapena ayi?"

A Kochi anatembenukira kubenchi. Anyamata ena onse okhala pamenepo nsapato zawo zinali m'bwalo, kumapazi a anzawo. Amene akanalowa anali Njanji yekha, ndipo anali ataima kale pamzere ndi masokosi okha, kudikira monga mwa masiku onse.

Nsapato yakumanzere inavuka mosavuta. Yakumanja inakana. Phazi linali litatupira mkati, zingwe zitalowa m'mnofu, ndipo a Dokotala atangoigwira chidendene Kamphepo anakuwa mawu amene anamveka mpaka padenga la chimbudzi.

"Pang'onopang'ono, a Dokotala," anatero a Kochi. "Yesani kuivula bwinobwino. Tilibe ina."

Atangotero anagwira pakamwa. Anadzimva okha zimene ananena, mwana ali gone pansi.

A Dokotala anapisa m'thumba n'kutulutsa sizasi.

"Ayi, agogo, musadule!" analira Kamphepo. "Nsapatozi si zanga ndekha. Mukadula, a Njanji asewera ndi chiyani? Kokani, ndipirira!"

Mkuluyo anayang'ana Njanji. Njanji anali atagwira nsapato yakumanzere ija m'manja. Iye ndi amene ankaisoka ikang'ambika, ndipo ankadziwa kuti ina sidzagulidwa chaka chino, mwinanso mpaka kalekale.

"Dulani," anatero. "Ndine ndinamuveka. Dulani msanga."

Sizasi inali yobuntha, ndipo chikopa chinali cholimba. A Dokotala anadula pang'onopang'ono kuyambira pa lilime mpaka kuchala, thukuta lili kamukamu, mpaka nsapato inatseguka ngati nsomba yotumbula. Phazi limene linatuluka mmenemo linali lopindikira kumene phazi silipindikira. Goloboyi, amene anabwera kudzaona, anatembenuka n'kubwerera ku golo.

Wenzulo inalira. Asopo anapitiriza masewero ali operewera munthu mmodzi.

Kamphepo anadzutsa mutu kuyang'ana kumene kunali mpando wa ku tchalitchi. Mpandowo unalipo, koma wopanda munthu. Chipewa choyera chinali chikutuluka pachipata, ndipo a Kochi ankachitsatira pambuyo, manja ali m'mwamba ngati wopempha mvula. Bamboyo anawagwira paphewa mwaulemu, anapukusa mutu, n'kulowa m'galimoto yake.

A Kochi anabwerera ali manja lende. Anagwada pambali pa mnyamatayo.

"Ndinaona, mwana wanga," anatero. "Lachitatu lija ndinaona."

Anaweramitsa mutu.

Ambulansi panalibe. Wogulitsa makala wina amene ankaonera mpira ali pamwamba pa kagalimoto kake anavomera kuwanyamula. Anamugoneka Kamphepo pa matumba opanda kanthu, a Dokotala atamugwira mwendo, Njanji atamuika mutu pamiyendo pake. Njanji anali akadali ndi masokosi okha, ndipo nsapato yakumanzere ija anali asanaisiye.

Ali m'njira anamva phokoso kuchokera kubwalo. Silinali la anthu awo.

"Atimwetsa," anatero Njanji motsitsa mawu.

"Achimwene, timu ithadi?"

"Gona, mphwanga."

"Nanga mayeso anga, agogo? Ndidzatha kuyenda?"

A Dokotala anayang'ana kumbali, kumene nyumba zinkadutsa.

Kagalimoto kanakhota pachipata cha chipatala chachikulu n'kuima pakhomo lolandirira ovulala. Apo m'pamene Kamphepo anazindikira kumene amubweretsa. Anagwira dzanja la Njanji mwamphamvu.

"Kuno ayi! Chonde, tipite kwina!"

Koma kwina kunalibe. Chitseko chinali chotsegula, ndipo pakhonde lonyowa mayi wina wa yunifolomu yobiriwira anali atawerama, akufinya chikolopa m'ndowa. Atamva kulira kwa galimoto anasuntha ndowa yake kuti odwala adutse, monga ankachitira tsiku lililonse.

"Samalani poterera apo, abambo," anatero asanadzutse mutu. "Mwabwera ndi mwana wa ndani?"